Chimene Atepi Sanayeze

Bambo anga amayeza chilichonse. Anagwira ntchito yoyeza malo zaka makumi atatu, ndipo tsiku limene anapuma anabweza zida zonse za kuntchito koma khalidwe anabwera nalo kunyumba. Tepi yachikasu imakhala palamba pawo kuyambira m'mawa, n'chifukwa chake aliyense amawatchula kuti Atepi, ngakhale ana amene sadziwa kumene dzinalo linachokera. Amadziwa kutalika kwa chitseko chilichonse m'nyumba mwathu, kuya kwa beseni losambiramo, ndi mtunda wochoka pampando wawo kufika pawailesi. Mwamuna wanga atabwera koyamba kudzawaona, anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kutchula nambala. Analakwitsa ndi sentimita imodzi yokha, ndipo mpaka lero amati vuto linali nsapato.

Ine ndine mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo ndine makaniko. Ndili ndi galaja yanga kuseri kwa msika, ya dzenje limodzi ndi denga lodontha pakona. Manja ndinatengera a bambo, koma mtima wapachala ndinatengera kwa amayi, ndiye mutha kuganiza mmene zimakhalira ine ndi Atepi tikagwira ntchito imodzi.

Nkhani yokweza pikapu ya bambo inayamba chifukwa cha amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Iwo amakhala pamwamba pa phiri, kumene amaweta njuchi, ndipo msewu wopita kumeneko unakokoloka ndi mvula zaka ziwiri zapitazo. Pamalo ena madzi anachotsa dothi lonse n'kusiya msana wa mwala utapingasa msewu. Chaka chatha bambo anayesa kudutsapo ndi pikapuyo, amayi ali momwemo. Matayala akutsogolo anakwera n'kutsikira kuseri, akumbuyo asanayambe n'kukwera komwe, mimba ya galimoto inakhala pamwala, oyilo n'kuyamba kuchucha. Ndinakawakoka ndine. Kuchoka pamwalapo kufika kwa amayi aakulu ndi makilomita anayi okwera okhaokha, ndipo amayi anga, ndi chiuno chawo chowawa, sakanatha kuyenda ngakhale theka. Tinabwerera pomwepo.

Mwezi wathawu amayi aakulu anaimba foni. Ndinalipo, ndipo ndinamva chifukwa amayi amakonda kukweza mawu a foni mpaka kumapeto.

"Mng'ono wanga, masowa akutseka," anatero amayi aakulu. "Lamanzere latha kale. Lamanja likuona ngati m'chifunga. Ubwere ndikuone nkhope ndisanayambe kukuona ndi manja."

Amayi anayankha kuti abwera, anaika foni pathebulo, n'kupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Bambo anadzuka, anagwira tepi yawo palamba, n'kundiuza kuti, "Amakaniko, mawa tikukaona mwala uja."

Tinapita pagalimoto yanga. Atepi anagona chafufumimba pamsewu, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, akuyeza mwala mbali zonse ndi kulemba m'kabuku kawo. Anayeza kutalika kwake, kutsetsereka kwa uku ndi uko, kenako titabwerera anayeza pikapu kuchokera patayala lakutsogolo kufika palakumbuyo. Madzulo anabwera ndi yankho: mimba ya galimoto iyenera kukwera ndi masentimita asanu ndi anayi. Ndinawerengera ndekha mwakabisira kuti ndiwapeze cholakwa, koma sindinachipeze, ndipo zinandinyansa pang'ono.

Wogulitsa zipangizo za galimoto m'tauni mwathu timamutchula kuti Zilipo, chifukwa amayankha choncho usanamalize kufunsa. Atamva kuti tikufuna kukweza pikapu, maso ake anawala. Anatitulutsira bokosi la zipangizo zokweza ndi mainchesi sikisi, lokhala ndi chithunzi cha galimoto ikuuluka pamwamba pa matope.

"Madala, mukaika izi, anthu azikupatsani moni atayang'ana kumwamba," anatero Zilipo.

Bambo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. Mwamuna ndi mwana ndithu, ngakhale imvi zitafika m'makutu. Ndinachita kuwalanda bokosilo.

"Ababa, msewu uja ndi wopendekeka. Galimoto ikatalika chonchi, pakona yoyamba tikagona cham'mbali ngati ng'ombe yodwala. Tikupita kukaona wodwala, sitikupita ku chionetsero."

Zilipo ataona kuti zazikulu zakanika, anatulutsa timidadada tachitsulo tongolowetsa pansi pa masipuling'i akale. Anati n'tosavuta, tsiku limodzi ntchito yatha. Ndinamufunsa ngati anawaona masipuling'i a pikapu ya bambo, amene anatopa kalekale mpaka anawongoka ngati lamba. Kuika timidadada pansi pa zinthu zotere n'chimodzimodzi kuveka nkhalamba nsapato za gogoda n'kumati yatalika. Tinatenga zamainchesi atatu: masipuling'i atsopano kutsogolo ndi kumbuyo, mashoki anayi aatali, mabawuti ake, ndi mapaipi a mabuleki otalikirapo. Tinawonjezera matayala okulirapo pang'ono. Bambo anawerengera pomwepo pakauntala: zokwezazo zipereka masentimita asanu ndi awiri ndi theka, matayala apereka atatu. Mwala tiudutsa, n'kutsala ndi sentimita imodzi ndi theka yopumira.

Ntchito inatitengera masiku atatu. Tsiku loyamba linathera pa mabawuti akumbuyo, amene anali asanamasulidwepo chigulireni galimotoyo. Ndinawathira mafuta, ndinawagogoda, ndinawawotcha, ndinawanenera mawu amene sindingawalembe pano. Bambo anakhala pampando pafupi ndi dzenje, magalasi ali pamphuno, akundiwerengera pepala la malangizo mokweza ngati kalata yochokera kwa mkulu wa boma.

"Apa akuti masulani bawuti."

"Ndikudziwa, ababa."

"Ndiye bwanji simukumasula?"

Ndinatulutsa mutu m'dzenje n'kuwauza kuti ngati akufuna, atsike adzaliwerengere bawutilo pepalalo, mwina limva. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anavula jekete n'kutsikadi. Tinalowetsa paipi yaitali pasipanala n'kukoka tonse awiri, bawuti n'kulira kamodzi, n'kugonja. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma bambo anauza aliyense wodutsa tsiku limenelo kuti anamasula okha.

Tsiku lachiwiri amayi anabwera ndi tiyi m'fulasiki. Anapeza pikapu ili m'mwamba pa zoimikira, yopanda matayala, masipuling'i atsopano akuwala kunsi kwake. Anaima pakhomo la galaja akuiyang'ana, dzanja lili pachiuno.

"Itsikako pang'ono, eti mwanawe?"

"Pang'ono, amayi," ndinayankha ndili m'kati molimbana ndi paipi ya mabuleki, osatembenuka n'komwe.

Anathira tiyi m'makapu, anawachotsa bambo kanyenyeswa ka dzimbiri m'tsitsi, n'kumapita. Funso lija ndinalikumbukira pambuyo pake, nthawi itatha kale.

Tsiku lachitatu tinaika matayala n'kuitsitsa pansi. Apa tinakanganapo zenizeni. Bambo ankafuna kuti mabawuti a masipuling'i ndiwamange kotheratu galimoto idakali m'mwamba, kuti ntchito ithe mwadongosolo. Ine ndinakana, chifukwa mabawuti amenewo amamangidwa galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake konse, apo ayi timalabala take timapotoka n'kung'ambika mwezi usanathe. Anafufuza papepala lawo lija kuti anditsutse, anapeza kuti pepala likugwirizana ndi ine, ndipo analipinda mwakachetechete n'kuliika m'thumba. Kenako anazungulira galimoto ndi tepi, kuyeza ngodya zonse zinayi. Anapeza kuti kutsogolo kumanja kwatsika ndi mamilimita anayi. Ndinawauza kuti ndi mbali ya dalaivala, galimoto ikuwakonzekera. Tinaichotsa mpweya m'mabuleki, tinakawongoletsa matayala, ndinaiyendetsa pamabampu a kumsika, ndipo inkayenda monyada ngati yangolandira malipiro.

Loweruka m'mawa amayi anavala diresi yawo yobiriwira, imene amayi aakulu anawasokera kale maso adakali bwino. Anali ataphika, atalongedza mankhwala, shuga, sopo ndi juzi yatsopano. Bambo anaimika pikapu pafupi ndi sitepe ya pakhonde monga mwa masiku onse, anatsegula chitseko, n'kuima pambali akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Amayi anaima pasitepe paja. Anagwira chogwirira cha pachitseko, anakweza phazi lamanja, ndipo phazilo linathera m'malere. Anayesanso. Anatembenuka kuti ayambe ndi lamanzere, nkhope inakwinyika ndi ululu, n'kulibweza pansi. Pomaliza anadzikoka ndi manja onse awiri mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma nsapato inangokhudza chitsulo n'kutsetsereka.

"Dikirani ndikunyamuleni, amayi," ndinatero.

"Undinyamule ndine thumba la simenti?" Anandiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa kuyambira ndili mwana. "Anthu onsewa akuona. Ndakwera galimoto iyi ndi miyendo yanga zaka makumi awiri. Ngati yandikana, yandikana. Pitani nokha, mukawapatse juziyo."

Anakhala pansi pasitepe paja, chikwama chili pamiyendo, n'kuyang'ana kumbali. Amayi anga salira pagulu, ndiye anangofinya chikwamacho mwamphamvu. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa galimoto imeneyo ndinaikweza ndi manja anga.

Bambo anali chiimire, kumwetulira kuja kutazimiririka.

"Koma amake mwana, yangokwera masentimita khumi okha ndi theka."

"Okha?" anatero amayi, osawayang'ana. "Inu mumaganiza kuti ndimakuuzirani chiyani kuti muziima pafupi ndi sitepeyi? Kuchipatala ndimati imani pafupi ndi ngalande, kumsika pafupi ndi mwala uja wa pagolosale. Zaka zitatu mwakhala mukung'ung'udza kuti ndimasankha malo ngati nkhuku yofuna kuikira. Kale lomwe ndinkakwera mochita kuluma mano. Mwala wa kuphiri munapita kukaugonera pansi ndi tepi yanu. Ine ndimagona pambali panu."

 Bambo anayang'ana pikapu, anayang'ana kabuku kawo kamene kanali m'thumba la shati, kodzaza ndi miyezo ya mwala, ya matayala, ya chitseko cha galaja, ngakhale ya nthambi ya mtengo wa pageti. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya tonse awiri, bambo ndi mwana.

Kenako anamasula tepi palamba, anagwira chipilala cha khonde, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka anagwada patsogolo pa amayi.

"Taimirirani, amake mwana. Gwirani phewa langali. Kwezani phazi mpaka pamene payambire kuwawa, musapitirire."

"Musandichititse manyazi, bambo inu."

"Manyaziwo ndi anga. Kwezani."

Amayi anadzuma, koma anaimirira. Anakweza phazi, bambo n'kuika tepi pansi pa nsapato. Anayeza lamanja, anayeza lamanzere, anabwereza kawiri monga amachitira ndi chilichonse.

"Masentimita makumi awiri ndi awiri," anatero motsitsa mawu. Nambalayo anailemba m'kabuku.

Chitseko cha pikapu tsopano chinali pa masentimita makumi asanu ndi asanu ndi limodzi kuchokera pansi. Ine ndinkaganiza zothamangira kugalaja kukawotcherera chopondera chachitsulo, koma imeneyo inali ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo kuphiri kunali munthu akudikira ndi diso limodzi. Bambo analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula shelefu yawo ya mabuku a zoyezayeza, imene palibe amaloledwa kuikhudza ngakhale pofuna kupukuta fumbi. Mabukuwo anawakhuthulira pampando. Ine ndinkadula, iwo ankayeza ndi kukhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa tinagwira ntchito ola lathunthu osakangana. Tinapanga kabokosi ka masitepe awiri, iliyonse masentimita khumi ndi asanu ndi anayi.

Amayi anakayang'ana kabokosiko mokayikira, anakagwedeza ndi phazi, kenako anaponda sitepe yoyamba, yachiwiri, n'kulowa m'galimoto ngati akulowa m'chipinda chawo. Atakhala anakonza diresi pamawondo n'kuyang'ana kutsogolo.

"Kuno kumwamba kukuoneka bwino," anatero. "Tiyeni, dzuwa likupita."

Tonse tinasangalala ngati ana. Bambo anathamangira kuchiwongolero, ine ndinadumphira kumbuyo pamodzi ndi katundu, ndipo tinanyamuka.

Titafika pamwala paja ndinatsika kuti ndiziwalozera. Bambo analowetsa giya yamphamvu, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. Matayala akutsogolo anakwera, anatsikira kuseri, ndipo ine ndinagona pansi kusuzumira. Mimba ya pikapu inadutsa pamwamba pa mwala, mpata wake wongokwana chala changa chachikulu. Panalibe kukhula kulikonse. Nditadzuka ndinaona bambo atatulutsa mutu pawindo.

"Zingati, amakaniko?"

"Imodzi ndi theka, ababa."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene amadziwa kale, koma ndinaona amayi akuwasisita pamkono.

Nyumba ya amayi aakulu ili pamapeto penipeni pa msewu, ming'oma ya njuchi ili m'mizere kuseri kwake. Anamva kulira kwa injini tidakali patali, ndipo tinawapeza ataima pabwalo, atatsamira ndodo, mutu ataupendeketsa kuti diso lamanja lija liloze kumene kunkachokera phokoso. Anali ataonda kwambiri. Amayi atangowaona anatsegula chitseko galimoto isanaimitsitse.

"Kabokosi, mwanawe, fulumira."

Ndinayang'ana kumbuyo kwa pikapu. Munali shuga, sopo, juzi, jeke, tayala lapadera. Ndinayang'ana bambo, bambo anayang'ana ine. Iwo ankaganiza kuti ndakweza ine, ine ndinkaganiza kuti akweza iwo. Kabokosi kathu kokongola kanali kunyumba, pabwalo, pamene amayi anakasiya.

"Ndani ameneyo? Ndi iwe, mng'ono wanga?" anafunsa amayi aakulu, akubwera ndi ndodo yawo. "Bwanji sukutsika?"

Ndinati ndithamange m'nyumba ndikafune mpando kapena njerwa, koma amayi anali atatulutsa kale miyendo yonse iwiri, akutsetsereka pampando, maso ali pa akulu awo. Zaka ziwiri zinali zitawakwana, sakanadikiranso mphindi ina. Ndinaona kuti adumpha, ndipo chiuno chija chikathera pomwepo.

Bambo anafika ine ndisanasunthe. Anazungulira galimoto mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo, anagwada pafumbi pansi pa chitseko, anakhalira zidendene zawo, n'kumenya pantchafu ndi chikhatho.

"Pondani apa, amake mwana. Manja pamapewa angawa."

"Bambo inu, buluku lanu labwino."

"Pondani."

Amayi anaika manja pamapewa a bambo, anatsitsa phazi n'kuponda pantchafu. Bambo analuma mano, koma sanagwedezeke. Anawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Apa ndi makumi awiri ndi asanu ndi atatu," anatero bambo, mawu akutuluka movutikira. "Ndapitirira ndi sikisi. Mundikhululukire, ndilibe potsikira pena."

"Mwadziyeza liti?"

"Ine ndinadziyeza kalekale. Amene ndinachedwa kumuyeza ndi inu."

Amayi anatsitsa phazi linalo mpaka linafika pansi, anaima bwinobwino, ndipo dzanja lawo linakhalabe paphewa la bambo kanthawi kena ngakhale kuti sankafunikiranso chogwira. Kenako anatembenuka.

Amayi aakulu anataya ndodo. Anagwira nkhope ya mng'ono wawo ndi manja awiri, anaibweretsa pafupi kwambiri ndi diso lamanja, mphuno zitatsala pang'ono kugundana, n'kuiyang'ana kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, osafulumira.

"Wakalamba," anatero.

"Inu ndiye ayi?"

"Ndakuona, mng'ono wanga. Diresi yakenso ndi yomwe ija. Ndakuona."

Apa amayi anga, amene salira pagulu, analira mokweza, ndipo ine ndinapita kuseri kwa pikapu kukayang'ana mashoki amene analibe vuto lililonse.

Nditabwerako ndinapeza bambo adakali chogwada, chifukwa mawondo anali atakana kuwadzutsa. Amayi aakulu anapendeketsa mutu kuwayang'ana.

"Kodi alamu, mukupempherera galimoto?"

"Ndikuyeza bwalo lanuli, alamu. Ndi lopendekeka."

Ndinawagwira m'khwapa n'kuwaimiritsa. Pantchafu ya buluku lawo lakuda panali chidindo cha nsapato ya amayi, chafumbi, chooneka bwino kuyambira kuchidendene mpaka kuzala. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwasase, koma anandigwira pamkono.

"Chisiyeni, amakaniko," anatero, ndipo anakhala nacho tsiku lonse.